Masofa a Eni M'nyumba mwa Veronica

Mlamu wanga Veronica ndi munthu woti atha kugona ndi njala, koma mukamufunsa m'mawa kuti kwacha bwanji, amamwetulira n'kuyankha kuti, "Tikuthokoza Mulungu, alamu." Khalidwe limenelo lakhala likundipsetsa mtima chikwatiwire iye ndi mchimwene wanga Ephraim, ndipo chaka chatha linatsala pang'ono kutitayitsa mwana.

Ine ndine Jemima. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa kuno ku Mgona, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Ephraim ankanyamula matumba ku Kanengo mpaka chifuwa chinamutenga, n'kusiya Veronica ndi ana atatu m'kanyumba ka lendi, mzere umodzi ndi ine. Woyamba ndi Thokozire, amene nthawi imeneyo anali Sitandade 7, mwana wanzeru zoti aphunzitsi amachita kumutchula pa asembule. Veronica ankachapa zovala za anthu ku Area 25, ikafika nyengo yake n'kumakasankha mtedza ku Kanengo. Ganyu akapezeka ana adya. Akasowa, ndiye kumwa madzi n'kukagona.

Ndiye kunatulukira msuweni wake, Jacinta, magalasi akuda ali pamphumi, ati ndapeza malo. Malo akewo anali oti Thokozire akalere mwana wa eni ku Area 47, sukulu n'kuthera pomwepo. Veronica anavomera akulira. Ine ndinalalata mpaka mawu anasasa, koma ndikanatani? Kwanga kuli anga anayi, ndipo tomato sadyetsa nyumba ziwiri.

Sabata yomweyo analengeza kutchalitchi ndi kumsika kuti anthu a boma adzayenda khomo ndi khomo kuona mabanja oyenera kulowa mu Mtukula Pakhomo, ndalama zija boma limapereka kwa ovutikitsitsa kuti ana azidya ndi kupita kusukulu. Veronica anauza Jacinta kuti adikire kaye. Banja likalowa, Thokozire sapita kulikonse. Likapanda kulowa, adzamutenge sukulu zikatsekera. Ine mtima unakhala pansi, chifukwa ngati pamzere pathu panali nyumba yoti munthu sangafunse kawiri, inali imeneyo. Munali mkeka, ndowa, mapoto awiri ndi bulangete, basi.

Tsiku limene a boma anabwera, ine ndinali nditalawirira kumsika wa Wakawaka kukapikula tomato. Ndinabwerako masana, dengu ndinangolitula pakhonde n'kuthamangira kwa Veronica kuti ndikamve. Nditakankha nsalu ya pakhomo ndinabwerera m'mbuyo n'kunena kuti pepani. Ndinkayesa ndalowa nyumba ya eni.

Masofa awiri ofiira, abale. Tebulo lagalasi, kansalu koluka kali pamwamba. Pakona tivi, batire yake ili pansi. Patebulo fulasiki, makapu a maluwa ndi kambale ka shuga kodzaza mpaka kusefukira. Pakati pa zonsezo panali Veronica atavala chitenje chake cha kutchalitchi, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano.

"Zayenda bwino, alamu," anatero. "Akhala pampando, amwa tiyi. Mnyamata wake waulemu kwabasi. Pochoka wati, 'Amayi, inu ndiye mukuyesetsa, nyumba yooneka bwino chonchi.'"

"Inu mwati chiyani?"

"Ndathokoza."

Mayo ine! Ndinangokhala pansi. Ndinamufunsa kuti katundu ameneyu wagwa kumwamba kapena bwanji, iye n'kundifotokozera mosadandaula konse. M'mawa anapita kwa mayi Zulaikha, akazi a telala, kukabwereka makapu ndi fulasiki monga amachitira kukabwera alendo. Mayi Zulaikha anaikiramo ndi shuga. Kenako anagogoda kwa a Amosi, a pamzere pathu pomwepa, kuti abwereke mpando umodzi, poti mlendo wa boma sungamukhazike pansi. A Amosi akuti analumpha. "Mpando umodzi wa chiyani, mayi? Tengani masofa onse!" Ananyamula okha ndi akazi awo, tebulo lomwe, tivi yomwe.

"Ndinadabwa, alamu," anatero Veronica. "Munthu woti amakaniza ndi machesi omwe. Ndinati Mulungu wawakhudza."

"Wawakhudza Mulungu wake uti!"

A Amosi ali ndi njinga zamoto ziwiri za kabaza ndiponso hokala pamsewu. M'mawa umenewo Mgona yense anali pa ntchito yobisa. Ena anakweza matiresi padenga, ena wailesi anaiponya m'thumba la gaga. A Amosi anali atasowa kolowetsa masofa awo, ndiye mlamu wanga n'kugogoda yekha, ndi ulemu wonse, kudzawapempha. A boma atafika kwa a Amosi anapeza mkeka wong'ambika ndi chitini, akazi awo atavala sanza. Atafika kwa wamasiye anapeza masofa ndi tiyi wa shuga. Mnyamata wa bomayo sindimuimba mlandu, analemba zimene anaona.

Ndisanathe n'kulalata komwe, tinamva odi. Anali a Amosi ndi akazi awo, akumwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Tabwera kudzapepuza mayiwa," anatero. "Alendo apita, titenge tizinthu tathu."

Pamenepo ndi pamene mutu wanga unagwira ntchito. Ndinadzuka pansi paja, ndinakung'untha chitenje, n'kukhala pa sofa lalikulu. Ndinatambasula miyendo, mapazi afumbi la ku Wakawaka ndinawasanjika patebulo lagalasi.

"Tizinthu tanu tuti, bambo?"

"Aa, mayi Jemima, nthabwala zanu zija."

"Mano anga mukuwaona? Boma labwera, laona, lalemba kuti masofa awa ndi a Veronica. Kwanu lalemba kuti muli ndi mkeka ndi chitini. Inu ndi ine ndife ndani kuti titsutsane ndi boma?"

Akazi awo anayamba kukuwa kuti ndi umbava umenewu, apita kupolisi. Ndinati pitani, ndikulipirirani kabaza, mukawauze apolisiwo kuti masofa anafika bwanji muno ndipo chifukwa chiyani lero. Ndinawauza kuti katundu adzatuluka m'nyumbamo pa khomo lomwe analowera, koma a boma akuyang'ana, mwini wake atanena yekha kuti ndi wanga. Amene sadzapezeka mwini ndidzakamugulitsa kumsika wa ku Nsungwi, Thokozire apeze yunifolomu. Madzulo omwewo ndinachotsa loko wa pabenchi yanga ya kumsika n'kumuika pachitseko cha Veronica.

Kutacha ndinapita kwa a Geoffrey, amene ali mu komiti yolandira madandaulo a Mtukula Pakhomo kuno kwathu. Anandimvetsera, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati zoterezi zimaloledwa kudandaula, adzabweranso munthu wina kudzaona, koma tsiku sakulidziwa. Ndinati palibe vuto, masofa sawola ngati tomato.

Masiku odikirawo pamzere pathu panali sewero. Akazi a Amosi ankakhala pa njerwa pakhonde pawo n'kumanditsonya ndikamadutsa, ine n'kumawapatsa moni wa mafuta. A Amosi mpira ankakaonera kwa eni, kolipira. Tione, mng'ono wake wa Thokozire, anazolowera kugona pa sofa mpaka ankakana kutsika. Mayi Zulaikha anangoti, "Makapuwo akhale komweko, mudzandiitane tsikulo." Amenewo ndiye anthu.

A Amosi sankandiopsa ine. Amene ankandidetsa nkhawa anali Veronica. Anasiya kundilankhula bwino, akandiona n'kumayang'ana kumbali. Tsiku lina ndinamupeza akupukuta tebulo lagalasi lija ndi kansalu konyowa, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda. Pakona panali sutikesi yabuluu yomwe sindinkaidziwa. Anati wabweretsa ndi Jacinta, yachokera kwa mayi a ku Area 47 aja, kuti mwana asadzafike kunyumba yawo ya mpanda ndi zovala zili m'jumbo. Zovala za Thokozire zinali zitalongedwa kale.

"Mwalonga kale? A boma sanabwere n'komwe!"

"Akabwera ndiye mufuna ndidzatani, alamu? Ndidzaimirire anthu akutulutsa katundu mmodzimmodzi, mzere wonse ukuonerera, mpaka nditsale ndi ndowa? Mwandichititsa manyazi okwanira."

"Manyaziwo alowa m'kalasi m'malo mwa mwana?"

Anaika kansalu kaja pansi. "Inu simungamvetse. Kwathu ku Ntcheu mayi anga ankabwereka ndi nkhuku yomwe kuti mlendo asachoke akunena kuti pakhomo paja palibe anthu. Chimwalirire achimwene anu, muno simunalowepo munthu woti ndimupatse mpando. Tsiku lija munthu wakhala, wamwa tiyi, wanditchula kuti amayi. Ndinamva ngati ndidakali mkazi wa munthu."

Zinandipweteka, chifukwa Ephraim anali mchimwene wanga, ndipo m'nyumba imeneyo inenso ndinkangolowamo choimirira, kulalata n'kutuluka. Ndinakhala naye pansi, masofa tinawasiya. Ndinamuuza kuti, "Mlamu, za a Amosi ndithana nazo ndekha. Koma akakufunsani za m'nyumba muno, pakamwa panga sipagwira ntchito. Mudzayankhe nokha."

A boma anabwera m'mawa wina ndikuyala tomato. A Geoffrey anandiimbira foni, ine benchi ndinasiyira mnzanga, ulendo wothamanga. Ndinawapeza ali pakhomo pa Veronica ndi mayi wachitsikana wovala chipewa, chikwama chili kumsana, nsapato zitafiira ndi fumbi. Anati dzina lawo ndi a Thandie. Veronica anawalowetsa, ndipo mwa chizolowezi chake anawalozera sofa lalikulu. Anakhala, n'kuyang'ana tivi, n'kuyang'ana denga lomwe dzuwa limalowa m'mabowo.

Ine ndinaima pakati pa bwalo n'kuitana mmene ndimaitanira malonda. "Eni katundu! Eni katundu m'nyumba mwa Veronica! A boma afika!"

Mzere wonse unatuluka, ena ndi masupuni m'manja. Mayi Zulaikha anafika oyamba atanyamula beseni. Anapereka moni, n'kunena kuti makapu, fulasiki ndi kansalu ka patebulo ndi zawo, amabwereketsa aliyense pamzerepo, ngakhale pamaliro a Ephraim anthu anamwera momwemo. Analonga m'beseni n'kutuluka mutu uli m'mwamba.

Kwa a Amosi chitseko chinali chotseka. Ndinaitana kachiwiri, zii. Ndiye ndinakweza mawu kuti amve ndi a kuseri. "Chabwino! Masofa alibe mwini! A Geoffrey ndinu mboni. Wina andiitanire wa ngolo, tipite nawo ku Nsungwi!"

Chitseko chinatseguka. A Amosi anabwera akukoka miyendo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira.

"Katunduyu ndi wanu, bambo?" anafunsa a Thandie.

"Ndi wa... ndi wa achimwene anga a ku Dedza. Anangosungitsa."

"Palibe vuto," ndinatero ine. "Tidikira achimwene anuwo adzatenge okha. Pakadali pano Tione azigonapo, ngakhale masiku ena amakodza pogona."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Akazi a Amosi anakuwa ali pakhonde pawo, "Tanenani zoona inu, masofa anga aonongeka!" A Amosi anayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti ndi awo. A Thandie anati sanamve. Anabwereza mokweza. Anawafunsa nyumba yawo kuti ndi iti, iwo n'kuloza. A Thandie anangogwedeza mutu n'kunena kuti akamaliza kuno adutsa konko.

Kenako anadzuka pa sofa paja kuti eni ake anyamule. Linatuluka lalikulu, linatuluka laling'ono, tebulo, tivi, batire. Chilichonse chikamatuluka, kuseka kunja kunkachepa. Pomaliza panalibe amene ankaseka. M'nyumba munatsala mkeka wopindidwa, ndowa, mapoto awiri, bulangete pachingwe ndi sutikesi ija pakona. Pansi pankaoneka mabowo a dothi pomwe panali miyendo ya masofa. Ndinathamangitsa anthu pakhomo, ndinati sewero latha, kaphikeni.

Veronica anali ataima pakhoma. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pomukhazika mlendo. A Thandie sanadikire. Anavula nsapato, anatambasula okha mkeka, n'kukhala pansi mwendo uli pa unzake, ngati mwana wa pakhomo.

"Khalani, amayi, ticheze. Zikuyenda bwanji pakhomo pano?"

"Tikuthokoza Mulungu," anatero Veronica.

Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi. Ndinali nditalonjeza kuti sindiyankha, ndiye ndinangogwira chitseko. A Thandie anafunsa za ana, za ganyu, za lendi. Veronica ankayankha mawu amodziamodzi, onse ozungulira. Timayesetsa. Sitidandaula. Ena ali pamavuto kuposa ife.

Kenako a Thandie analoza pakona. "Nanga sutikesi yokongolayo, ndi yanu imeneyo?"

Veronica anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkamva ana a sukulu ya mkaka ya kuseri akuimba. Anadzuka, anaikoka mpaka pamkeka, anagwada n'kutsegula zipi. Anatulutsa diresi ya Thokozire ya kutchalitchi, siketi, kabulawuzi kong'ambika pakhwapa, n'kumaika pamkeka chimodzichimodzi. Pansi penipeni panali makope. Mwanayo anali atawabisa m'kati mwa chitenje, kuti azikawerenga kwa eniko.

Veronica atawaona makopewo anakhala pansi. Ndipo anayamba kulankhula, mlamu wanga amene uja. Ananena kuti dzulo lake ana anadya kamodzi, phala lopanda shuga. Ananena kuti bulangete ndi limodzi, amafunda ana, iye amafunda chitenje. Ananena kuti mwana wake woyamba, amene amakhala nambala wani m'kalasi, wamulongera katundu kuti akatawire mwana wa eni matewera, chifukwa iye mayi wake walephera. Sanalire, ndipo sanayang'ane pansi. Amene ankalira ndi ine, pachitseko, mamina ali chuchuchu.

A Thandie analemba zonse pa foni yawo yaikulu ija. Anati iwo salonjeza kanthu, amene amagamula ndi ena, koma zimene aona ndi kumva azipereka mmene zilili. Veronica anati zikomo. Kenako anatseka zipi ya sutikesi yopanda kanthu ija n'kuikankhira kwa ine.

"Alamu, mwaiwala chimodzi. Ichinso n'chobwereka. Kabwezeni kwa eni ake."

"Osadikira kaye timve za boma?"

"Atilowetse asatilowetse, mwana wanga sapita."

Ndinaisenza pamutu tsiku lomwelo, ndinadutsa nayo pamsika dala kuti aliyense aone, mpaka kwa Jacinta. Zimene ndinamuuza Jacinta sindingazibwereze pano, ena mwa inu ndinu a mvano.

Miyezi ya pakatipo inali yowawa, sindinama. Tomato wanga anadyetsa nyumba ziwiri ngakhale ndinkati sangathe, ndipo mayi Zulaikha ankatumiza kambale kovindikira. Koma tsiku lina kafoni ka Veronica kanalira ali pa mpopi, uthenga woti walowa mu Mtukula Pakhomo. Thokozire ndi amene anawerenga, mayi ake manja ali ndi sopo. A Amosi sanalowe, ndipo mpaka lero sandipatsa moni, zomwe sizinandichepetse thupi.

Atakatapa ndalama zoyamba, Veronica anandiitana kuti ndidzaone zomwe wagula. Pamkeka panali thumba la ufa, yunifolomu ya Thokozire ya Sitandade 8, nsapato za Tione za pakaunjika ndi bulangete lachiwiri. Ndinati mwagwira ntchito, mlamu. Kenako anapita kuseri kwa chitseko n'kutulutsa kampando kathabwa, kopala bwino, kogula kwa akalipentala a pamsewu.

"Aa, mwayambanso?" ndinatero. "A boma abweranso liti kuti muwakhazike?"

Anakapukuta ndi chitenje chake n'kukaika patsogolo panga.

"Si ka a boma aka. Khalani, alamu, ndikuikireni madzi a tiyi."